PHALA LA MWANA NDI SIKELO YA OFUFUZA

Awa ndi mawu amene Mkulu wofalitsa nkhani za Chipani adalankhula kwa atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito za Boma pa boma la Mchinji.



Mwandipempha kuti ndilankhule za sukulu za mkombaphala, ndiponso za kafukufuku amene Boma limatsamira pokonza mfundo zoyendetsera sukulu zimenezi. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukangomva liwu loti kafukufuku mumaganiza za anyamata ndi asungwana ovala bwino amene amatsika m'galimoto pansi pa mtengo wa mango, nafunsa mafunso tsiku lonse, nabwerera ku Lilongwe kutisiyira fumbi. Choncho ndisanafike kwa ana mundilole ndiyambe ndi mtedza, popeza m'chipinda chino mulibe munthu wosadziwa mtedza.

Aliyense wochokera ku Lilongwe kubwera kuno amadutsa pa Chitedze. Makolo athu adalima Chalimbana kwa zaka zambirimbiri, ndipo adamukonda. Mu 1990 akatswiri a zaulimi adatulutsa mbewu ya CG7, koma mlimi wa ku Kamwendo kapena wa ku Mkanda sadaitenge chifukwa chakuti wina adalankhula mokoma pamsonkhano, iyayi. Iye adaona ndi maso ake mizere iwiri yoyandikana pamunda wachitsanzo, nthaka imodzi, mvula imodzi, kupalira kumodzi, ndipo atakumba adayeza zokolola za mzere uliwonse. Kafukufuku ndi zomwezo basi. Pofufuza za ana, akatswiri amatenga midzi yofanana, nachita maere kuti pasakhale kukondera. M'midzi ina amayesamo njira yatsopano, ina amaisiya monga idalili, ndipo pakapita chaka kapena zaka amabwera kudzayeza ana a mbali zonse ziwiri. Tsono ngati timamvera sikelo pa nkhani ya mtedza umene tiugulitse mawa, tilekeranji kuimvera pa nkhani ya mwana amene adzatiika m'manda?

Mbiri ya sukuluzi ndingoidutsa msanga. Mu 1970 kudakhazikitsidwa bungwe loyang'anira timasukulu ta ana aang'ono, koma timasukuluto tinali ta m'matauni. Mu 1989 Boma, mothandizidwa ndi UNICEF, lidayesa njira yakuti mudzi wokha uzisamalira ana ake pamalo amodzi, ndipo kuyesako kudachitikira ku Mzimba, ku Ntcheu ndi ku Chikwawa. Mliri wa Edzi utachulukitsa ana amasiye m'zaka za m'ma 1990, malo otere adafalikira m'dziko lonse. Mu 2003 dziko lino lidakhala ndi mfundo zake zoyamba za kakulidwe ka ana aang'ono, ndipo zidakonzedwanso mu 2017. Mutu wake ngwakuti mudzi umamanga, mudzi umasankha alezi odzipereka, mudzi umasonkha chakudya, pamene Boma limaphunzitsa alezi ndi kuwayendera. Mfundozi zadutsa m'manja mwa maboma osiyanasiyana. Lero zili m'manja mwathu, ndipo anthu akadzafuna wofunsa adzafunsa ife.

Ife a ku Mchinji tili ndi chifukwa chapadera chomvera ofufuza, pakuti boma lathu lino lakhala munda wachitsanzo wa dziko lonse. Mtukula Pakhomo amene lero akudziwika kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje adabadwira kuno mu 2006. Panthawiyo panali anthu, ena ophunzira ndithu, amene ankati kupatsa mphawi ndalama m'manja ndi kuthira madzi pamchenga, akangomwera kachasu. Mu 2007 ndi 2008 ofufuza a ku Boston University pamodzi ndi a Centre for Social Research ya ku Zomba adatsata mabanja olandira ndi osalandira m'midzi yathu yomweyi. Adapeza kuti m'mabanja olandira anthu ankadya mokwanirako ndiponso zakudya zamitundumitundu, ana ankapita kusukulu osajombajomba, ndipo ana opita kuganyu m'minda ya eni adachepa. Umboni umenewo udalimbitsa mtima Boma ndi abwenzi ake, kotero kuti pofika 2018 ndondomekoyi inali itafika m'maboma onse 28.

Chachiwiri chimakhudza khanda lenilenilo. Kuyambira 2005 mpaka 2009 a MaiMwana adagawa boma lino m'zigawo 48, nachita maere. M'zigawo zina adakhazikitsa magulu a amayi okambirana okha mavuto a uchembere ndi kudzipezera okha njira zowathetsera. M'zigawo zina adaphunzitsa amayi odzipereka 72 kuti aziyendera mnzawo kasanu, ali woyembekezera ndiponso atachira, kumulangiza za kuyamwitsa ndi za kusamala khanda. Adatsata ana obadwa oposa 26,000, ndipo zotsatira zidasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya madokotala ya The Lancet ku London. Kumene kunali amayi oyendera makomo okha, imfa za makanda zidatsika ndi 36 pa 100 zilizonse. Kumene kunali magulu a amayi okha, imfa za ana ongobadwa kumene zidatsika ndi 41 pa 100 m'chaka chachiwiri ndi chachitatu. Ofufuzawo sadabise kuti ataphatikiza zigawo zonse pamodzi kusiyanako sikudaoneke kwakukulu chotero, ndipo ine ndimawavulira chipewa chifukwa cha chilungamo chimenecho. Mu 2014 bungwe la zaumoyo la WHO, litasonkhanitsa umboni wa ku Malawi, ku Nepal, ku India ndi ku Bangladesh, lidalangiza maiko kuti magulu a amayi otere azikhazikitsidwa m'midzi momwe zipatala zili kutali. Amayi a ku Mchinji amene adakhala pamphasa kukambirana za mimba ndi mawere adaphunzitsa maiko a kutsidya kwa nyanja, eni ake osadziwa.

Pamenepo tingathe kuomba m'manja. Komatu, mabwana ndi madona, sikelo yomweyo imene idatikweza ndiyo imatichititsanso manyazi. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka zisanu anali opinimbira, ndipo Mchinji, nkhokwe ya chimanga, mtedza ndi soya, inali pamwamba pa chiwerengerocho, ndi ana oposa 40 mwa 100. Malole amatuluka m'boma lino atasenza matumba mpaka matayala kuphwa, pamene mwana wa mlimi amene adalima zimenezo wagonera nsima ndi masamba owiritsa. Kupinimbira si kufupika msinkhu kokha. M'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ubongo umakula mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo chimene chasowa pamenepo nchovuta kuchibwezera mwana ali mu Sitandade 5. Kafukufuku wa mtengo wa njala amene adatuluka mu 2015 adawerengera kuti mu 2012 dziko lino lidataya K147 biliyoni chifukwa cha kusadya bwino kwa ana, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma chonse cha chaka chimenecho. Akuluakulu adati mmera mpoyamba, ndipo apa ofufuza adangoikapo manambala.

Tsopano ndifike pa sukulu za mkombaphala zenizenizo, ndipo alembi a nthambi mutchere khutu, chifukwa nkhaniyi ndi yanu. Mu 2011, pokonzekera kafukufuku wina wa World Bank, ofufuza adatenga mndandanda wa sukuluzi m'maboma a Balaka, Dedza, Thyolo ndi Nkhata Bay, napita kukaziona imodziimodzi. Mwa sukulu 690 zimene adaziyendera, zotsegula adazipeza zongopitirira theka pang'ono. Zinazo zinali m'buku mokha. Pakhomo pake panali udzu, mkati mwake mbuzi. Atafunsa chifukwa, yankho limene lidamveka kawirikawiri linali lakuti chakudya chidatha. Phala likatha ana amaleka kubwera, ana akaleka mlezi amanyamula khasu kupita kuganyu, popeza nayenso ali ndi ana ake oti adyetse, ndipo sukulu imafa mwakachetechete popanda wolemba kalata kuboma. Maboma anayi aja si Mchinji, inde. Koma ndani pano angaimirire nanena kuti m'mwezi wa Febuluwale sukulu zonse za m'dera lake zimafuka utsi wa phala?

Ofufuza aja, motsogozedwa ndi Berk Özler ndi Lia Fernald, adapitiriza ntchito yawo pa sukulu 199. Zonse adazipatsa zoseweretsa ndi zophunzitsira. Zina adaziwonjezera maphunziro a alezi. Zina maphunziro a alezi ndi kandalama ka pamwezi. Zina maphunziro a alezi pamodzi ndi misonkhano ya makolo, yowaphunzitsa kulankhula ndi mwana, kumuimbira, kusewera naye ndi kumuonetsa zithunzi kunyumba. Ambiri a ife tikadafunsidwa tikadati kandalama ndiko kadzapambane. Patapita miyezi 18 adapeza kuti alezi ophunzitsidwa ankaphunzitsadi bwino, koma ana amene adaonetsa kupita patsogolo pa chilankhulo ndi pa kakhalidwe ndi anzawo anali a gulu limodzi lokha, lija la misonkhano ya makolo. Mlezi amakhala ndi mwana maola ochepa a m'mawa, pamene tsiku lonse lotsala mwana ali kumbuyo kwa mayi ake kapena pakhonde ndi agogo ake. Ndisamveke molakwa: mlezi amene amagwira ntchito chaka ndi chaka popanda ngakhale sopo ayenera kuganiziridwa, ndipo Chipani chisatope kukumbutsa a Unduna za ichi. Chimene sikelo idanena nchakuti sukulu yopanda makolo pambuyo pake ili ngati mphika wokhala pa mafuwa awiri.

Ndipo pali gawo lowawa limene sitimakonda kulitchula pamisonkhano. Atabweranso patapita miyezi 36, ana ambiri atalowa kupulayimale, phindu lija silidaonekenso. Ofufuza adalemba zimenezi poyera mu 2018. Maganizo anga ndi akuti mwana amene waphunzira kufunsa mafunso kumkombaphala, akalowa mu Sitandade 1 momwe mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi khamu la ana okhala pansi, amaphunzira msanga kukhala chete. Inu a maphunziro amene muli pano, mkombaphala si nkhani ya a chisamaliro cha anthu okha. Mmera ukachoka panazale umafuna munda wokonzedwa.

Wina anganene kuti, ngati phindu limazilala, tivutikiranji? Yankho lidachokera kutali, pachilumba cha Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, mumzinda wa Kingston, Sally Grantham-McGregor ndi anzake adatenga ana opinimbira 129 a miyezi 9 mpaka 24. Ena adawapatsa mkaka. Ena ankayenderedwa mlungu uliwonse kwa zaka ziwiri ndi mlangizi wa zaumoyo amene ankaonetsa mayi kusewera ndi kucheza ndi mwana wake, pogwiritsa ntchito zoseweretsa zopanga okha. Patapita zaka 20 adawafunafuna ana aja ali akuluakulu, ndipo mu 2014 adalengeza kuti amene adaseweredwa nawo ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 pa 100 kuposa anzawo. Mkaka paokha sudasiye chizindikiro chotere. Chimene chazilala pamayeso a mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri chingathe kudzaphukanso iye ali bambo wa pakhomo. Ndipo taonani kuti zoseweretsazo sizidachokere kusitolo. Zitsekerero za mabotolo, galimoto ya mawaya, chidole cha dongo, nthano ya agogo madzulo, zonsezi tili nazo kale ku Kapiri ndi ku Waliranji.

Nanga phala lija lichokera kuti? Funso limeneli adaliyesa ku Zomba kuyambira kumapeto kwa 2015, pa sukulu za mkombaphala 60, a Save the Children pamodzi ndi ofufuza a IFPRI ndi a ku Chancellor College. Sadabweretse matumba a ufa. M'theka la sukuluzo adapereka mbewu ndi maphunziro: munda wa sukulu udasanduka munda wachitsanzo wa chimanga chofiira, mbatata yofiira mkati, soya, mtedza, nyemba ndi ndiwo zamasamba, ndipo makolo ankasinthana kuphika, naphunzira pomwepo kusakaniza zakudya. Patapita chaka ana a pasukulu ankadya zakudya zabwino ndi zamitundumitundu kuposa anzawo. Koma chodabwitsa chidaoneka kwa ang'ono awo, a miyezi 6 mpaka 24, amene sadalembedwe nkomwe m'kaundula wa sukulu. Pakati pa amenewa kupinimbira kudachepa ndi ana 17 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi midzi inayo. Mayi adaphunzira kuphika pasukulu, nakaphika chimodzimodzi kunyumba, ndipo amene adapindula koposa anali wakumbuyo uja.

Umboni wa mtundu umenewu ndiwo udali patebulo pamene Boma ndi World Bank adagwirizana, kumapeto kwa 2018, za ndondomeko ya madola 60 miliyoni yotukula ana m'zaka zawo zoyamba m'maboma 13, ndipo Mchinji inali m'gulumo. Mwa zina, ndondomekoyo idamanga sukulu zachitsanzo za njerwa ndi malata. Nyumba yabwino ndi chinthu chabwino, ndipo palibe mtsogoleri amene sakonda kudula riboni pamaso pa ojambula. Koma ndalama za ndondomeko iliyonse zili ndi tsiku lake lothera. Ngati tsiku limenelo lipeza mudzi ulibe munda wa sukulu ndiponso makolo asanazolowere kusonkhana, malatawo adzangokhala pothawira mvula mbuzi.

Tsono ntchito yathu ndi yotani? Choyamba, ndipo ndikunena ichi ndi mtima wonse, tileke malipoti okometsa. Ndimadziwa mmene zimakhalira: mlembi amaopa kulemba kuti sukulu ya m'nthambi yake idatsekedwa, poganiza kuti akuluakulu adzati dera lake ndi la ulesi, kapena kuti otsutsa adzapezerapo ponenera. Choncho amalemba ana 80 pamene pali ana 20, kapena pamene palibe ndi mmodzi yemwe. Ameneyo akuganiza kuti akuteteza Chipani, chonsecho akuchipereka. Boma likakonza mapulani pa manambala abodza limatumiza mbewu kumene kulibe munda, ndipo mudzi umene ukadathandizidwa umadumphidwa chifukwa pabuku ukuoneka kuti uli bwino. Ofufuza akabwera, musawatsogolere ku sukulu imodzi yokha yosesedwa bwino ija, ndipo musauze alezi zoti ayankhe.

Kuno kumalire nkhani ya kaundula ili ndi vuto lakelake. Abale athu ali tsidya la Mwami ndi ku Chipata, ndipo mwana angathe kukhala kwa amalume ake ku Zambia miyezi itatu nabwerera. Mabanja a matenanti m'maesiteti a fodya amafika mvula isanagwe nachoka fodya akagulitsidwa. Ana otere amalembedwa kawiri kapena salembedwa konse, ndipo kawirikawiri ndiwo osowa koposa. Mwana aliyense amene wagona m'mudzi mwanu alembedwe ndi kulandira kapu yake ya phala. Musafunse kuti bambo ake amavotera yani. Mwana wa zaka zitatu alibe khadi la chipani chilichonse.

Mafumu athu, kwa inu tikupempha malo. Sukulu iliyonse ikhale ndi munda wake, ndipo chakudya chisonkhedwe mu Meyi ndi mu Juni nkhokwe zikadali zodzaza, pakuti wopempha chimanga mu Januwale amapempha kwa munthu amene nayenso akupempha. Alangizi a zaulimi, munda wa mkombaphala ulowe m'ndandanda yanu ya maulendo monga munda wa mlimi wachitsanzo wina aliyense. Kasakanizidwe kake amayi ambiri akukadziwa kuchokera ku Likuni Phala, magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga, ndipo kumene kulibe soya nsinjiro zilipo. Pa nsinjiropo ndichenjeze. Tili ndi chizolowezi chosankha mtedza wabwino kupita nawo kumsika, wonyala ndi wachuku nkuusinjira ana. Akatswiri adatiuza kalekale kuti chuku cha mtedza ndi chimanga chili ndi poizoni wowononga chiwindi, amene satha ndi kuphika. Wachukuwo utayidwe.

Abambo anzanga, ndikutembenukira kwa inu. Pamisonkhano ya makolo pamadzaza nsalu zokhazokha, ngati kuti mwanayo adabadwa kwa munthu mmodzi. Bambo amene amatha maola atatu pabawo angathe kupatula theka la ola kuwerengetsa mwana wake nkhomo zomwezo za bawo. Wapampando wa nthambi akayamba ndiye kukhala pamphasa ya makolo, ena adzatsatira, chifukwa kumudzi anthu amayang'ana mapazi a mtsogoleri kuposa pakamwa pake.

Kwa ofufuza nawonso tili ndi mawu, ndipo a Bwanamkubwa mutifikitsire. Anthu a ku Mchinji ayankha mafunso kwa zaka zambiri, apereka ana awo kuti ayezedwe msinkhu ndi mkono, ndipo sadalipiritse. Si bwino kuti zotsatira ziziwerengedwa ku London ndi ku Washington pamene mayi amene adayankha sadazimve. Aliyense wopempha chilolezo chofufuza m'boma lino alonjeze kuti adzabweranso kudzafotokoza zimene wapeza, m'Chichewa, pabwalo la mfumu, zokoma ndi zowawa zomwe.

Alembi a nthambi, mvula isanagwe mupereke kwa alembi a madera mndandanda wa sukulu za mkombaphala za kwanu. Mulembe dzina la mudzi, chiwerengero cha ana amene mwawaona ndi maso anu, alezi angati ndipo ophunzitsidwa ndi angati, ngati pali munda, ndiponso mwezi umene phala lidatha chaka chathachi. Imene idatsekedwa muilembe kuti idatsekedwa. Madera adzapereka mindandandayo ku ofesi ya chisamaliro cha anthu kuno kuboma. Ine ndidzayendera nthambi zanu mu Febuluwale, osatumiza uthenga, ndipo ndikafika ndidzayambira kukhitchini.